Mafuta a Mandasi pa Mpando wa Mfumu

Kuseri kwa mapiri amene sapezeka pa mapu, chifukwa wojambula mapuyo anamangidwa asanamalize ntchito, kuli dziko lotchedwa Sitidandaula. Likulu lake ndi Zilibwino. Musandifunse ngati zilidi bwino, pakuti amene anafunsa funsoli komaliza abale ake akumudikirabe. Dzikoli limalamulidwa ndi Mfumu Chikhalire Wachitatu, mwana wa Chikhalire Wachiwiri, mdzukulu wa Chikhalire Woyamba, banja la anthu amene akakhala pansi sadziwa kudzuka.

Malamulo a ku Sitidandaula ndi ambiri, koma lalikulu, limene mwana amaliloweza asanadziwe dzina la bambo ake, ndi ili: chamfumu sichida, sichikalamba, sichinunkha. Nsapato ya mfumu ikaponda ndowe, ndowezo ndiye zadalitsika. Mbuzi ya mfumu ikafa ndi ukalamba, a wayilesi amalengeza kuti yapita kukapuma idakali kamwana. Anthu analizolowera lamuloli monga momwe munthu amazolowerera nsapato yothina. Umatsimphina, koma akakufunsa umati ndi kayendedwe kako.

Chaka chimene mlatho wa pa mtsinje wa Tidzawoloka unakokoloka, mfumu inaona kuti anthu ake ali ndi chisoni, ndipo pofuna kuwatonthoza inadzigulira galimoto. Inali yaitali ngati mdipiti wa pamaliro a munthu wolemera. Denga lake linali lopindika kuti anthu aziiona mfumu yawo bwinobwino, ndipo mipando yake inali yachikopa chofewa, choyererako ngati mkaka. Anthu amene ankawoloka mtsinje madzi ali m'chifuwa, katundu pamutu, anamva nkhaniyi ndipo akuti anatonthozedwa kwambiri.

Mfumu inaikonda galimotoyo kuposa nyumba. Inkadyeramo nyama yootcha, inkasenderamo mango, inkagonamo masana nthawi yotentha thukuta lili kamukamu. Inalamulanso kuti galimotoyo iziimikidwa pabwalo, padzuwa, denga lili chitsegulire, kuti odutsa aziigwadira. Koma chikopa ndi khungu, ngakhale mwini wake anadyedwa kalekale. Ukachisiya padzuwa chimauma, ukachimwetsa thukuta ndi msuzi chimada. Posakhalitsa mpando wakumbuyo, pamene pankakhala mfumu, unada bii pakati, ndipo m'mbali munachita ming'alu ngati chidendene cha mlimi. Aliyense ankaona, koma palibe amene anaona.

Dalaivala wa galimotoyo anali Maliseni, bambo wa mwana mmodzi wamkazi dzina lake Ndaziona. Maliseni anakhalitsa pantchitoyo chifukwa cha luso limodzi: ankadziwa kutseka pakamwa. Tsoka lake linali lakuti nayenso galimotoyo ankaikonda, mwinanso kuposa mwini wake. Tsiku lina akuchokera kotsegulira chitsime chopanda madzi, mfumu inasuntha pampando, mng'alu wa chikopa n'kuitsina pantchafu.

"Mayo ine! Chandiluma!" inakuwa mfumu. "Ndani wandiluma?"

Asilikali analumpha, mifuti m'manja, n'kuyamba kufunafuna mdani pansi pa matayala. Maliseni, mtima uli pa chikopa, anaiwala dziko limene anabadwira.

"Si munthu ayi, Mwinidziko," anatero. "Ndi mpandowo. Wada kwambiri, ndiye chikopa chauma. Ukungofunika kutsukidwa basi."

Amene analipo akuti ngakhale akhwangwala anasiya kulira. Dzuwa lisanapendeke Maliseni anali atalowa m'ndende ya Mupumule, ndipo chigamulo chinali chakuti pa Tsiku Lothokoza Mfumu, lomwe linali pafupi, adzakwezedwa lole kupita ku migodi ya mchere ya ku Kosabwerera. Dzina la malowo silifuna womasulira.

Mkazi wake, Nachuma, ankakazinga mandasi pamsika wa Tingopirira. Uthenga unamupeza akuvuula mandasi m'chiwaya. Sanalire pomwepo, pakuti ku Sitidandaula misozi yapagulu imafuna chilolezo. Anangozimitsa moto, n'kumanga chitenje zolimba. Anali ndi mantha aakulu, komanso mkwiyo umene sankadziwa kuti aupereke kwa ndani, kwa mfumu kapena kwa mwamuna wake amene anasankha tsiku loipa chotere kuti ayambe kunena zoona.

Kunyumba yachifumu nduna zinasonkhana mwachangu, pakuti ntchafu ya mfumu inali ikuwawabe. Amene ankatsogolera bwalo anali Nduna Yaikulu, a Ndavomera, mkulu amene khosi lake linazolowera kugwedera chopita kutsogolo kokha.

"Olemekezeka," anayamba a Ndavomera, "tasonkhana kuti tikambirane za mpando umene ulibe vuto lililonse. Ndipo popeza ulibe vuto, tiyenera kulithetsa msanga."

Nduna zinawomba m'manja. Kenako Nduna ya Zaumoyo, imene inali yatsopano ndipo inali isanaphunzire kukhala chete, inati mwina mpandowo angoupukuta ndi kansalu konyowa.

"Kansalu konyowa kamachotsa chiyani, olemekezeka?" anafunsa a Ndavomera mwaulemu woopsa.

Nduna ija inayankha msangamsanga. "Sikachotsa kanthu."

"Ndiye mukufuna kuvutitsa mpando wa mfumu ndi kansalu kosachotsa kanthu? Kapena pali kanthu kena kamene mwaona, kamene ife sitinaone?"

Nduna ya Zaumoyo inati sinaone kalikonse, ndipo kunena zoona maso ake akhala akuvuta chibadwire. Ina inakumbutsa bwalo kuti galimotoyo inabwera ndi kabotolo ka mafuta apadera ofewetsera chikopa, amene ogulitsa anati azipakidwa kadontho chabe, mpando utatsukidwa kale. Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Kadontho! Mfumu yathunthu, mwini mapiri ndi madambo, kuipimira kadontho ngati mankhwala a m'diso! Anagwirizana kuti anthu akunja ndi oumira. Zinadziwikanso pambuyo pake kuti kabotoloko mfumukazi inali itakamaliza kale ku zidendene.

Pamenepo inaimirira Nduna ya Miyambo, nkhalamba imene inkakumbukira mwambo uliwonse, makamaka umene ukufunika tsiku limenelo.

"Kwathu kuno," inatero, "chinthu cholemekezeka sitichitsuka, timachidzoza. Mkwatibwi timamudzoza. Mfumu polowa ufumu timaidzoza. Wotsuka amanyoza, pakuti amanena ndi manja ake kuti pali litsiro. Koma wodzoza amalemekeza. Mpandowu sunade ayi, ukungolira ulemu."

Nduna zina zinagwetsa misozi, pakuti zinali ndi chilolezo. Tsiku lomwelo lamulo linatuluka. Banja lililonse libweretse supuni ya mafuta kudzadzoza mpando wa galimoto ya mfumu. Kupukuta mafutawo, ngakhale pang'ono, ndi mlandu woukira ufumu, chifukwa n'kuchotsa chikondi cha anthu. Ndipo amene adzapereke mafuta ochuluka kuposa onse adzaloledwa kupempha chinthu chimodzi kwa mfumu pa Tsiku Lothokoza.

Galimoto ya zimkuzamawu itamaliza kulengeza izi pamsika wa Tingopirira, anthu anayang'ana kumanja, n'kuyang'ana kumanzere, kenako n'kuyamba kuthokoza monga mwa chizolowezi chawo.

"Mwamva, achimwene?" anatero mayi wogulitsa tomato. "Mpando wayamba kufuna ndiwo zokazinga. Mawa uitanitsa anyezi."

"Uli ndi mwayi," anayankha bambo wogulitsa makala, akuyang'ana mikono yake yotuwa. "Ine chidzolereni mafuta ndi tsiku la ukwati wanga. Bola ndikanabadwa mpando."

"Mukanabadwa mpando bwenzi akukukhalirani."

"Nanga panopa akutani?"

Mayi wa tomato anaseka chamumtima, kenako anakweza mawu kuti kazitape amene ankanamizira kugula bonya pafupi amve bwino. "Ine ndikuti ndi lamulo labwino kwabasi! Ana anga mafuta amawatsegula m'mimba."

Mawa lake Nachuma anapita kundende atanyamula mandasi m'kambale. Alonda anawalawa mmodzimmodzi pofuna kutsimikiza kuti alibe poizoni, mpaka linatsala limodzi. Maliseni anatulukira pazenera la zitsulo, ndevu zitamera, maso atalowa m'kati. Nachuma atamuona mtima unamuwawa kwambiri, mkwiyo wonse n'kusungunuka. Koma Maliseni anatsegula pakamwa.

"Amake Ndaziona, kodi galimoto ija aiimika pamthunzi?"



"Mwana wanu ali bwino, zikomo pofunsa," anatero Nachuma. "Akungolira kufuna bambo ake. Nanenso ndili bwino, ndikuyeserera umasiye ndipo akuti ukundikhala."

"Pepani, mayi, pepani ndithu. Kungoti ndamva zoti akufuna kuthira mafuta pamwamba pa litsiro. Akatero chikopa chija chatha. Mafuta amafuna kadontho chabe, ndipo otsala umapukuta. Akachuluka munthu sangakhalepo. Amaterereka."

"Amaterereka?"

"Ngati waponda therere."

"Oho," anatero Nachuma. Anamupatsa ndasi lotsala lija, n'kumuuza kuti adye msanga alonda asanakumbukire kuti nalonso lingakhale ndi poizoni.

Atachoka kumeneko analunjika kunyumba ya a Ndavomera kukapempha chifundo. Mlonda wa pageti, amene ankadya mandasi ake nthawi zambiri, anamulowetsa chakuseri. Kumeneko, pansi pa mtengo wa mango, anapeza Nduna Yaikulu itapinda mikono ya malaya, ikuyang'anira wantchito amene ankasamala mipando yachikopa ya galimoto yake.

"Iwe, yamba wachotsa fumbi m'misokomo ndi bulashi yofewa!" ankakalipa a Ndavomera. "Mchenga ukatsala ukanda chikopa. Sopo pang'ono, wofatsa uja, osati wotsukira mapoto. Finya kansaluko! Ndati finya, chikopa sichisamba ngati mvuu! Ukatha upukute ndi kansalu kouma, uusiye uume pamthunzi pompano. Ukauma, kadontho ka mafuta pakansalu, osati pampando, uzipaka mozungulira pang'onopang'ono, otsala upukute. Ndipo uyambe wayesa pakona pobisika, ungandiwonongere mtundu."

Musadabwe, owerenga. Nduna zonse za ku Sitidandaula zinali ndi magalimoto a mipando yachikopa, ndipo zonse zinkadziwa kasamalidwe kake kuposa mmene zinkadziwira mayina a ana awo. Loweruka lililonse, kuseri kwa mipanda yaitali, mipando inkatsukidwa mwaluso. Umbuli ankauvala popita kubwalo, ngati tayi.

Nachuma anagwada. "Bwana, pepani. Ine ndine mkazi wa Maliseni. Zimene mukunenazi ndi zomwe ananena mwamuna wanga."

A Ndavomera anatembenuka osachita manyazi ngakhale pang'ono. "Mayi, uwu ndi mpando wanga. Ine ndine munthu wamba, ndimatuluka thukuta, mpando wanga umada. Wa mfumu suda."

"Nanga chinaluma mfumu n'chiyani, bwana?"

"Nkhani imeneyo ili m'manja mwa komiti."

"Ndiye mwamuna wanga apite ku Kosabwerera chifukwa cha komiti? Bwana, mwana wathu ndi wamng'ono."

"Ine ndilibe mphamvu, mayi, ndine Nduna Yaikulu chabe. Koma mwamva lamulo. Perekani mafuta kuposa onse, mudzapemphe mwamuna wanu nokha. Iwe! Ndati pakansalu, osati pampando!"

Nachuma anali ndi chigubu chimodzi cha mafuta, ndipo chigubucho ndicho chinali munda wake. Popanda icho panalibe mandasi, popanda mandasi Ndaziona akanagona ndi njala. Mafutawo anali atakazingira mandasi ambirimbiri moti anada ngati phula, ndipo pansi pake panali nsenga za ufa ndi shuga. Anachiyang'ana chigubucho, anayang'ana mwana, n'kuchisenza pamutu. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.

Mwambo wodzoza unatenga masiku angapo. Mfumu inali m'nyumba ikupumitsa ntchafu, ndipo mpando anausungira tsiku lalikulu. Mzere wa anthu unayambira pabwalo lachifumu mpaka kumsika, aliyense atagwira supuni mosamala ngati wanyamula dzira. Anthu anabweretsa zimene anali nazo: mafuta ophikira, a nsatsi, a nkhumba, odzola makanda. Mwini chigayo anabweretsa oyilo wa mu injini, nati chikondi chake ndi cholemera. Nduna zinkathira ndi supuni yagolide zikumwetulira kwa ojambula, kenako n'kukasamba m'manja ndi sopo wofatsa uja.

Tsiku loyamba chikopa chinamwa, pakuti chinali ndi ludzu lenileni, ndipo bwalo linalengeza kuti sayansi ya makolo yapambana. Kenako chinakhuta. Mafuta anayamba kuima pamwamba, kusakanikirana ndi litsiro la mango ndi msuzi, n'kusanduka phala lakuda lonyezimira. Dzuwa nalo linathandiza kuphika. Fungo linafika mpaka kuchipatala, koma popeza chamfumu sichinunkha, a wayilesi analitcha kamphepo kachifumu, ndipo analangiza anthu kuti azipuma mozama. Ntchentche, zimene sizimvera wayilesi, zinabwera ndi abale awo omwe.

Nachuma anafika komalizira. Anatula chigubu, anagwada, anatsegula, n'kukhuthula chonse pamalo enieni pokhala mfumu, mpaka nsenga za shuga zinatuluka. Anachigwedeza kuti pasatsale kanthu. A Ndavomera anayang'ana dziwe lakudalo, ndipo monga munthu wodziwa chikopa nkhope yawo inachita ngati aluma ndimu, koma pakamwa panagwira ntchito yake.

"Taonani chikondi!" anafuula. "Mkazi wa woukira watiposa tonse! Kuyambira lero uyu ndi Mayi wa Chikondi, ndipo pa Tsiku Lothokoza adzaima kutsogolo kwa onse!"

Ngati Nachuma anachita izi chifukwa chokonda mfumu, kapena chifukwa chokonda mwamuna wake, kapena chifukwa cha mawu aja a therere, ine sindinali mumtima mwake.

Tsiku Lothokoza linafika, dzuwa likuswa mtengo. Lole ya ku Kosabwerera inali itaima kale pageti la ndende, ikungodikira kuti mwambo uthe. Popeza Maliseni anali m'kati, chiwongolero anachipereka kwa mphwake wa a Ndavomera, amene laisensi anailandira ngati mphatso ya ukwati. Mfumu inatuluka itavala mwinjiro woyera wa silika, inafika pagalimoto, n'kuima.

"Chikumveka m'mphunomu n'chiyani?" inafunsa.

"Ndi chikondi cha anthu anu, Mwinidziko," anayankha a Ndavomera.

"Chachuluka."

"Amakukondani mopitirira, Mwinidziko."

Mfumu inakhala. Panamveka kaphokoso ngati ka phazi lolowa m'matope, ndipo mwinjiro unayamba kumwa chikondi kuchokera pansi kupita m'mwamba. Mfumu inamva kunyowa, koma lamulo ndi lamulo, ndipo lamulolo linali lake. Inakweza dzanja, galimoto n'kunyamuka kutsika chitunda cholowera kumsika, kumene anthu anali atandandalikidwa mbali zonse za msewu, okonzeka kuwomba m'manja wapolisi akaliza wenzulo.

Chakumunsi kwa chitunda mbuzi inadumphira mumsewu. Ikanakhala mbuzi ya munthu wamba bwenzi nkhani yathera pomwepo, ndi mbuzi yomwe. Koma inali ndi kansalu kofiira m'khosi, kusonyeza kuti ndi ya mfumu. Dalaivala watsopano anaponda buleki ndi mapazi onse awiri. Galimoto inaima, koma mfumu sinaime. Inaterereka bwinobwino, dzanja likadali m'mwamba, n'kukagwera pansi pakati pa mipando. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Inayesa kudzuka, chigongono chinaterereka. Inayesa kugwira chitseko, zala zinaterereka. Inati ikuwe, koma nyerere zimene zinatsata shuga wa Nachuma zinali zitapeza njira yolowera m'mwinjiro, ndipo mawu anatsakamira pakhosi. Dalaivala anamva kugunda kumbuyo, koma ku Sitidandaula mfumu sigwa, ndipo woona mfumu itagwa amakhala waona chinthu chimene kulibe, umene ndi mlandu. Choncho anaumitsa khosi, n'kupitiriza ulendo pang'onopang'ono, mwaulemu.

Motero galimoto inalowa mumsika wa Tingopirira denga lili chitsegulire, mpando wakumbuyo ukunyezimira padzuwa, wopanda munthu.

Wapolisi wa wenzulo anaiwala kuliza. Msika wonse unati zii. Anthu anayang'ana mpando, anayang'anana, anayang'ananso mpando. Chigulireni galimotoyo anali asanaionepo ikuyenda mumsewu popanda Chikhalire.

"Kodi apita?" ananong'ona bambo wa makala uja.

"Apita kuti?" anafunsa mayi wa tomato.

"Kumene inapita mbuzi yokalamba ija, kukapuma adakali kamwana."

Mawuwo anathamanga m'khamu ngati moto wa m'thengo. Nachuma anali kutsogolo kwa onse, atavekedwa lamba wolembedwa kuti Mayi wa Chikondi. Iye ankayembekezera kuti mfumu ichita manyazi pang'ono, mwina kuvomera kuti mpando uli ndi vuto. Koma ataona mpando wopanda munthu, nzeru zonse zinamuthawa. Anangoganiza chinthu chimodzi, kuti ngati kulibe mfumu ndiye kuti kulibe lole, ndipo bambo a Ndaziona agona kunyumba. Chimwemwe chinamukwera kuchokera m'mimba, n'kutulukira pakamwa ngati nthungululu yakuthwa imene inamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje wopanda mlatho uja.

Basi, msika unaphulika. Amayi analulutira, abambo anaponya zipewa m'mwamba, nkhalamba zinataya ndodo. Mayi wa tomato anagawa tomato mwaulere. Kazitape wa pabonya uja anakumbatira anthu amene anawalemba dzulo lake. Asilikali anavina mifuti ili pamutu, ndipo nduna, zimene zinkatsatira kumbuyo, zinatsika m'magalimoto awo oyera bwino n'kuyamba kutimba fumbi. Chiyambire ufumu wa a Chikhalire, aka kanali koyamba kuti anthu a ku Sitidandaula asangalale popanda wenzulo.

Pansi pa mipando mfumu inamva phokosolo, ndipo ngakhale nyerere zinali pantchito, inamwetulira. Anthu ake anali asanaikondepo chonchi. Kenako inatchera khutu kuti imve mawu a nyimbo imene ankaimba. Nyimboyo inali yaifupi, yosavuta kuloweza, ya mawu amodzi okha obwerezabwereza: wapita, wapita, wapita.

Pamphepete pa chitseko panatulukira dzanja lakuda, lonyezimira. Linaterereka, linabweranso, n'kugwira. Kenako panatulukira mutu. Nyimbo inafera m'kamwa. Amene anali atakweza mwendo anakhala choncho, osadziwa ngati kuutsitsa n'kuvomera kuti amavina.

"Mpando uwu wada!" inabangula mfumu ikudzikanda paliponse. "Wada! Ukununkha!"

A Ndavomera, fumbi lili m'maondo, anali oyamba kutsitsimuka. "Mwamva nonse! Mwinidziko, mwa nzeru zawo zakuya, atulukira kuti mpando wada! Kuyambira pano mpando wada!"

Nachuma anagwada pamsewu. "Mwinidziko, mwanena nokha. Mwamuna wanga Maliseni ananena zomwezo. Ine ndi amene ndinapereka mafuta kuposa onse, ndipo pempho langa ndi iyeyo."

"Ananena mfumu isananene," anadula a Ndavomera. "Kutsogola mfumu ponena zoona ndi mlandu wokulirapo."

Koma mfumu sinkamvera za milandu. Inkayang'ana khamu lija, nkhope ndi nkhope, ndipo mafuta ankadontha kuchokera kuchibwano kwake.

"Ndavomera," inatero motsitsa mawu, "m'dziko langa lino, ndani amene sanavine?"

A Ndavomera anayang'ana amalonda, anayang'ana asilikali, anayang'ana Nduna ya Miyambo imene inali ikupumabe wefuwefu, nsapato imodzi itatayika. Anafufuza m'mutu mwawo dziko lonse.

"Akaidi okha, Mwinidziko. Iwo anali otsekeredwa."

"Ndiye ndi okhawo ondikonda. Atulutseni onse. M'malo mwawo mulowetse ovina, mpaka ndende idzaze." Mfumu inayang'ana mayi wogwada uja. "Pempho lako lamveka, Mayi wa Chikondi. Mwamuna wako atuluka lero. Koma nthungululu yoyamba ija ndaimva bwino, ndipo lole yathiridwa kale mafuta. Boma langa silikonda kuwononga zinthu."

Ndende ya Mupumule ndi yaing'ono, sikanakwana dziko lonse, choncho anangotenga amene anali kutsogolo. Nduna zinapezeka kuti sizinkavina ayi, zinkathamangitsa nyerere kuti zisafike kwa mfumu.

Maliseni ndi Nachuma anakumana pageti, wina akutuluka, wina akulowa. Mlonda, pokumbukira mandasi aja, anayang'ana kumbali kwa kanthawi. Maliseni anali atamva kale zonse. Anaona lamba wa Mayi wa Chikondi ali pachifuwa pa mkazi wake, n'kuonanso lole ikulira kumbuyo kwake.

"Amake Ndaziona," anatero, "ine ndinati kadontho."

"Ndinamva bwinobwino, abambo a Ndaziona," anayankha Nachuma. "Kadontho n'ka chikopa. Ine ndimadzoza mfumu."

Anamasula kiyi wa nyumba pa mfundo ya chitenje, n'kumuika m'dzanja la mwamuna wake, nalifumbatitsa ndi manja ake awiri. Anamuuza kuti mwana ali kwa mayi wa tomato, kuti sadya therere, ndiponso kuti akamalira asamuuze kuti amayi apita kukapuma. Apa Maliseni analira ngati mwana, pagulu, popanda chilolezo. Geti linatsekeka.

Chikopa chakale chinali chitafa, ndipo anachichotsa mwaulemu wonse. Mfumu inaitanitsa chatsopano chaka chimene denga la sukulu linasasuka. Popeza mphwake wa a Ndavomera anakwezedwa kukhala kazembe, Maliseni anabwezeredwa pa chiwongolero monga mmodzi wa anthu okhulupirika, ndipo analoledwa kusamala mpandowo kuseri kwa mpanda, malinga asatchule dzina la ntchito imene akugwira. Chichokereni lole ija ndi Nachuma sanalankhulepo mawu osafunika, moti a wayilesi amamutchula ngati chitsanzo cha nzika yabwino.

Loweruka lililonse amaimika galimoto pamthunzi, amachotsa fumbi ndi bulashi yofewa, amafinya kansalu, amadikira kuti chikopa chiume, kenako amatsegula kabotolo katsopano ka mafuta. Koma amene amasuzumira pampanda akuti kadontho kaja kakunka kakukula sabata ndi sabata, ndipo masiku ano otsala sawapukutanso. Mabuleki nawo akuti amawasamala kwambiri.